Foni yanga yadzipanga update usiku, bandulo yatha ndipo batire silikukhalitsanso. Ndingaletse bwanji?

NaPhiri wa Zitenje:

Moni nonse pagulu pano. Ndakhala ndikuwerenga mmene mumathandizirana koma kulemba n'koyamba, ndiye mundipirire ngati nditalikitse.

Ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Area 25 mu Lilongwe muno. Ndimagulitsa zitenje ndi nsapato za amayi. Shopu ndilibe. Ndimayala katundu pamphasa pakhonde dzuwa lisanakwere, ndimajambula, n'kuika pa status. Makasitomala amasankha, amatumiza ndalama pafoni, ine n'kupatsira wakabaza, kapena kondakitala wa minibasi ngati ali kutali. Choncho foni ikadwala, kwathu poto sakhala pamoto.

Foniyi ndi ya Android, yotchipa, ya 32GB, ndinagula zaka zitatu zapitazo. Dzina la kampani sinditchula chifukwa sindinabwere kudzaipitsa malonda a munthu. Kwa milungu itatu yakhala ikunditulutsira uthenga woti pali update. Pansi pake pamakhala podina pawiri, pena "Install now" pena "Later". Ine tsiku lililonse ndimadina "Later", chifukwa mlamu wanga atavomera zoterezi chaka chatha foni yake inayamba kuchedwa mpaka anaigulitsa motaya. Ndinafufuza pamene palembedwa kuti ayi, sindikufuna. Palibe.

Lachiwiri magetsi anabwera cha m'ma 10 koloko usiku. Ndinaika foni pachaja n'kukagona. Ka MiFi ndinakasiya koyatsa chifukwa mwana wanga wamkulu amamalizitsa ntchito ya kusukulu pa laputopu. M'mawa ndikutenga foni, ndapeza kuti inazima n'kuyakanso yokha, ikufunsa PIN, ndipo zonse zasintha maonekedwe. Sindinavomere. Ndikubwereza, sindinadine chilichonse.

Bandulo ya mwezi ndinagula Loweruka. Lachitatu m'mawa inali itatsala pang'ono zedi, moti mwana sanathe kutumiza ntchito yake mpaka nditagula ina ndi ndalama ya ndiwo. Kuyambira tsiku limenelo batire limene linkandifikitsa 5 koloko madzulo likumatha cha m'ma 1 koloko. Foni ikumatentha kumbuyo ngakhale ili m'chikwama. Kamera ikumatenga nthawi kuti itseguke, ndipo ikatseguka ikumandiuza kuti malo adzaza, moti ndafufuta zithunzi za katundu amene sanagulidwe n'komwe. Polemba ikumandisinthira mawu a Chichewa kukhala a Chingerezi, kasitomala n'kumadabwa kuti ndikunena chiyani. Mwabweranso timagemu titatu timene sindinaikemo ine.

Chimene chandipweteka kwambiri n'cha Lachinayi. Mayi wina amafuna zitenje zisanu ndi chimodzi zofanana za chinkhoswe cha mwana wa mchemwali wake. Tinagwirizana kuti ndikafika kumsika m'tauni ndimujambulire mitundu imene ilipo, asankhe pompo. Ndili pakati pojambula foni inazima. Pofika kunyumba kuti nditchaje, n'kuti atagula kale kwina. Sindikumudandaula mayiyo, chinkhoswe sichidikira munthu. Koma phindu la zitenje zimenezo linali la fizi ya mwana wachiwiri.

Mnyamata wina wokonza mafoni m'tauni wandiuza kuti ndimupatse aifulashe, ibwerera mmene inalili. Ndikuopa chifukwa m'foni muno muli manambala a makasitomala onse ndi mbiri ya amene ali ndi ngongole.

Ndiye ndithandizeni. Kodi n'zotheka kubwerera ku pulogalamu yakale ija? Kufulashako n'koona kapena ndingotaya ndalama? Nanga pali njira yoti ndiletseretu kuti isadzachitenso zimenezi? Foniyi ndinagula ndi thukuta langa, ndikufuna ndizisankha ndekha tsiku loisintha.

Wokonza Mafoni ku Limbe:

Pepani kwambiri mayi. Ndakhala pa benchi yokonzera mafoni zaka zambiri ndipo nkhani ngati yanuyi imandipeza pafupifupi mlungu uliwonse. Choyamba chenicheni: musaipereke kuti aifulashe, pakadali pano ayi.

Kufulasha ndi kupukuta zonse za m'foni n'kuikamo pulogalamu mwatsopano. Zithunzi, mauthenga, manambala amene anasungidwa m'foni momwemo, zonse zimapita. Ikayaka imafunsa akaunti ya Gmail imene inalimo kale ndi pasiwedi yake, ndipo anthu ambiri amene amabwera kwa ine sakumbukira, chifukwa akauntiyo anawatsegulira ndi wogulitsa tsiku logula foni. Mukaiwala, foni imakhala yokhoma ndipo mulipiranso kachiwiri kuti aitsegule. Komanso makampani ambiri masiku ano amaika loko woletsa kubwerera kumbuyo: foni ikakwera pa pulogalamu yatsopano, imakana yakale. Wina akaikakamiza imatha kufa osayakanso. Mafoni ena a Xiaomi anafa choncho mu 2018 anthu akuyesa kubwerera, ndipo a Samsung amakana pulogalamu imene nambala yake ya bootloader, kachigawo koyambitsa foni ikamayaka, ndi yotsika kuposa imene ilimo. Sindikunena kuti mnyamatayo ndi wakuba. Mwina pa foni yanuyo n'zotheka. Koma mumufunse kuti pulogalamu yakaleyo aitenga kuti, ndipo foni ikafa alipira ndani. Akayamba kuzungulira poyankha, nyamukani.

Tsopano za bandulo. Wakudyerani ndi ka MiFi, ngakhale kalibe mlandu. Amene amapanga mafoni amaganiza kuti Wi-Fi ndi ya ulere kapena yopanda malire, ngati mmene zilili m'nyumba zambiri kumayiko kwawo. Ndiye foni imauzidwa kuti ikaona Wi-Fi itsitse zinthu zikuluzikulu zonse zimene imadikirira. Siidziwa kuti m'ka MiFi kanu muli SIM ya bandulo yowerengeka. Update ya pulogalamu yaikulu imatha kupitirira 1GB kapena 2GB, kenako ma app onse amatsatira pambuyo kuti agwirizane nayo. Ndiye inatsitsa mwakachetechete, ndipo poona kuti ili pachaja usiku palibe akuigwira, inadziika yokha. "Later" amene mumadina uja mafoni ena amamumva ngati kuti mwati "usiku uno".

Chitani izi. Lowani mu Settings, pitani pa Wi-Fi, dinani dzina la ka MiFi kanu kapena kachizindikiro kali pambali pake. Fufuzani mawu oti "Metered" kapena "Network usage", musankhe "Treat as metered". Apa mwaiuza foni kuti intaneti imeneyi ndi yogula, ndipo nthawi zambiri imasiya kutsitsa zinthu zazikulu isanakufunseni. Pa zonse zimene ndinene, chimenechi ndiye chofunika kwambiri kwa munthu wa MiFi. Chitaninso chimodzimodzi pa laputopu ya mwanayo ngati ndi ya Windows, kumeneko amalemba kuti "Metered connection", chifukwa nayonso imadya bandulo mwa njira yomweyi. N'kutheka kuti usiku umenewo zinadyera limodzi.

Kenako tsegulani Play Store, dinani chithunzi chanu pakona yakumwamba, Settings, Network preferences, Auto-update apps, musankhe "Don't auto-update apps". Ngati foni ili ndi sitolo ina ya ma app ya kampani imene inaipanga, lowaninso mmenemo muzimitse zomwezo, chifukwa timagemu tija nthawi zambiri timalowera khomo limenelo. Timagemuto dinani mokhalitsa muchotse. Tikakana kuchoka, pitani pa Settings, Apps, mutipeze, mudine "Disable".

Mu Settings momwemo muli "Software update" kapena "System update". Mukapeza "Auto download over Wi-Fi" kapena mawu ofanana nawo, zimitsani. Pali khomo linanso lobisika. Pitani pa "About phone", mupeze "Build number", mudine kasanu ndi kawiri motsatizana. Mubwera malo atsopano otchedwa "Developer options". Mmenemo muzimitse "Automatic system updates" basi, zinazo musakhudze ngakhale chimodzi, muli zinthu zosokoneza foni.

Ndikuuzeni zoona: zonsezi zimachepetsa, sizitseka kotheratu. Uthenga uja uzibwerabe, ndipo pali tizigawo tina ta Android timene Google imakonza yokha kudzera mu Play kuyambira pa Android 10. Koma zoti mudzuke n'kupeza bandulo yatha, zimenezo zichepa kwambiri.

Za batire, dikirani kaye masiku atatu kapena asanu musanaweruze. Foni ikangosintha pulogalamu imakhala ikukonzanso ma app onse chamkati, n'chifukwa chake imatentha ndi kudya moto. Zimenezi imachita bwino ikakhala pachaja usiku. Koma batire la zaka zitatu, lotchajidwa tsiku ndi tsiku, ladutsa maulendo 1,000. Linali litatopa kale, pulogalamu yatsopanoyi yangoliwonjezera katundu. Ikani foni patebulo losalala muone ngati ikugwedera, ndipo muyang'ane ngati chivindikiro chakumbuyo chayamba kutukuka. Ngati latupa, musaitchajenso mutagona, kasinthitseni mwamsanga.

Malo akadzaza foni imachedwa, kaya pali update kaya palibe. Musafufute zithunzi za katundu. Lowani mu WhatsApp, Settings, Storage and data, Manage storage, muona okha mavidiyo a m'magulu amene akudya malo. Pomwepo muzimitsenso zoti mavidiyo azilowa okha. Za kusintha mawu a Chichewa, mu settings ya keyboard muzimitse "Auto-correction".

Ndipo tsiku lililonse limene mudzasiye foni kwa wokonza, kaya ndi ine kaya ndani, chotsani SIM ndi memori khadi, ndipo PIN ya ndalama musauze munthu. Wokonza safunika PIN imeneyo pa ntchito iliyonse.

Aphunzitsi a ku Dedza:

Mayi, ine ndinatopa nazo kalekale. Kuno netiweki timaipeza pachulu kuseri kwa sukulu, ndiye update ikayamba imaima panjira, mawa n'kuyambiranso, bandulo n'kumapita chabe. Ndinazimitsa zonse zaka ziwiri zapitazo ndipo sindinavomerepo ngakhale imodzi. App ikakana kutseguka ndimapempha mnzanga anditumizire yake pa Xender. WhatsApp ndimagwiritsa ntchito ija yotchedwa GB WhatsApp, siivuta. Foni yanga ikuyenda bwinobwino mpaka lero. Ine ndimakhulupirira kuti amachitira dala kuti mafoni akale afooke tigule atsopano. Zimitsani zonse muiwale.

Mlongo Wanu ku Leeds:

Achemwali a NaPhiri, pepani ndi zimene zakuchitikirani, makamaka za kasitomala wa chinkhoswe. Zimene anena achimwene a ku Limbe n'zolondola zonse, tsatirani. Ine ndimagwira ntchito yosamalira makompyuta ndi mafoni a pakampani kuno ku England, ndipo ndikufuna ndiyankhe aphunzitsi, chifukwa mbali ina akunena zoona ndipo mbali ina ikhoza kukupwetekani.

Kukayikira kwawo sikochokera m'mutu. Mu Disembala 2017 Apple inavomera kuti kudzera mu update ya iOS 10.2.1, imene inatuluka kumayambiriro kwa chaka chomwecho, inkachepetsa liwiro la iPhone 6, 6s ndi SE zimene mabatire ake anali atatopa. Iwo anati ankateteza kuti mafoniwo asamazime mwadzidzidzi, ndipo chifukwa chimenecho n'chomveka ndithu. Vuto linali loti sanauze eni mafoni. Munthu ankangoona foni ikuchedwa n'kukagula ina, pamene kusintha batire kukanakwanira. Nkhaniyi itaphulika anapepesa, anatsitsa mtengo wosinthira batire kuchoka pa madola 79 kufika pa 29 m'chaka cha 2018, ndipo anaika malo oonera thanzi la batire mu iOS 11.3. Mu Okutobala 2018 bungwe loona za mpikisano pa malonda ku Italy linalipiritsa Apple mayuro 10 miliyoni ndi Samsung mayuro 5 miliyoni pa nkhani ya ma update amene anafooketsa mafoni akale. Kwa Samsung inali nkhani ya Galaxy Note 4. France nayo inalipiritsa Apple mayuro 25 miliyoni mu Febuluwale 2020 chifukwa chosadziwitsa ogula.

Sizakale zokha ayi. Mu Januwale 2025 Google inatumiza update ku Pixel 4a imene inachepetsa mphamvu ya batire pa mafoni ena, ndipo mwini foni analibe mwayi woikana. Pambuyo pake zinadziwika kuti mabatire ena anali pa chiopsezo chotentha kwambiri. Anapereka mwayi wosinthitsa batire mwaulere kapena kulandira madola 50, koma tangoganizani munthu amene anagula foni yoteroyo ya kaunjika ku Lilongwe kapena ku Mzuzu, akasinthitsa kuti? Amangoona batire latha msanga basi. Nthawi zinanso update imangolakwika popanda cholinga chilichonse: mu Malichi 2021 kachigawo kotchedwa Android System WebView kanachititsa kuti Gmail ndi ma app ena ambiri azingotsekeka okha pa mafoni ochuluka padziko lonse, mpaka Google inatulutsa ina yokonza.

Ndiye mkwiyo wanu achemwali uli ndi maziko. Ine chimene ndimadana nacho si update, koma kusafunsa ndi kusalongosola. Uthenga umangoti "improvements" osanena kuti idya malo ochuluka bwanji, ichedwetsa foni kapena ayi, ibweretsa ma app ati.

Koma aphunzitsi, kukana zonse kwa zaka ziwiri ndi nkhani ina. Ma update ali mitundu iwiri imene anthu amaisakaniza. Ina ndi yaikulu, yochotsa foni pa Android wina kupita pa wina, ndipo ndi imene imasintha maonekedwe ndi kulemetsa foni yaing'ono. Ina ndi yaing'ono, yotseka mabowo amene akuba apeza, imalembedwa kuti "security patch". Mu 2015 kunapezeka bowo lotchedwa Stagefright, limene linkalola munthu kulowa m'foni ya Android pongotumiza uthenga wa MMS wokhala ndi kavidiyo, ndipo ofufuza anati linkakhudza mafoni pafupifupi 950 miliyoni. Kuchokera pamenepo ndi pamene Google inayamba kutulutsa zotsekera mabowo mwezi ndi mwezi. Mu 2019 kunapezekanso bowo mu WhatsApp loti munthu ankangokuimbira, ngakhale osayankha, pulogalamu yaukazitape n'kulowa. WhatsApp inati anthu pafupifupi 1,400 anakhudzidwa ndipo inasumira kampani ya NSO Group, imene inapanga pulogalamu yaukazitapeyo. Mankhwala ake anali update basi.

Ndikudziwa kuti wina anena kuti akazitape amenewo safuna mayi wogulitsa zitenje. N'zoona, ndipo kwathu kuba kumene ndimamva kawirikawiri kwa abale ndi kwa munthu woimba foni n'kunamiza kuti watumiza ndalama molakwitsa, kapena wopempha PIN. Koma bowo likadziwika silikhala la akazitape okha, akuba wamba amaliphunziranso, ndipo foni ya achemwaliwa ndi imene imasunga ndalama za bizinesi.

Chimene chandidetsa nkhawa kwambiri ndi ma app olandira kwa anzathu ndi WhatsApp ya GB. Fayilo yodutsa m'manja mwa anthu khumi simudziwa amene anaisintha panjira. GB si ya kampani ya WhatsApp, palibe akudziwa kumene mauthenga anu amadutsa, ndipo eni WhatsApp amatseka manambala amene apezeka akugwiritsa ntchito zoterezi. Kwa aphunzitsi mwina kutsekeredwa ndi kusowa mtendere kwa masiku ochepa. Kwa achemwali a NaPhiri ndi kutsekedwa kwa shopu yonse. Chonde musatsatire njira imeneyo.

Ine ndikanakhala inu ndikanazimitsa zodzichitikira zokha monga afotokozera a ku Limbe, kenako n'kusankha tsiku limodzi pamwezi, tsiku limene bandulo yatsala pang'ono kutha nthawi yake koma muli zotsala, kapena pamene muli pa bandulo ya usiku. Tsiku limenelo mutsegule Play Store, mupange update ma app anayi kapena asanu okha amene amagwira ndalama ndi mauthenga: WhatsApp, app ya banki, ya ndalama za pafoni, Chrome ndi WebView. Ya "security patch" ikabwera, onani kukula kwake, nthawi zambiri imakhala yaing'ono, muivomere. Yaikulu ikabwera musathamangire. Dikirani milungu ingapo, mufunse ena a foni ngati yanu kuti yawayendera bwanji, musunge zinthu zanu kaye, ndipo musaivomere mlungu umene muli ndi maoda.

Kumayiko a European Union lamulo linayamba kugwira ntchito pa 20 Juni 2025 lokakamiza opanga mafoni kupereka ma update kwa zaka zosachepera zisanu kuchokera pamene asiya kugulitsa mtundu wa foniyo. Samsung ndi Google analonjeza zaka zisanu ndi ziwiri pa mafoni awo odula monga Galaxy S24 ndi Pixel 8. Mafoni otchipa amene ambiri kwathu amakwanitsa salandira chisamaliro chotere, ndipo zimandiwawa kuti amene ali ndi ndalama zochepa ndi amene amapatsidwa pulogalamu yolemera pa foni yofooka, kenako n'kusiyidwa.

Aphunzitsi a ku Dedza:

Za GB sindimadziwa kuti amatseka nambala. Gulu la makolo a kalasi yanga lonse lili pa nambala imeneyi. Ndikapita kuboma Loweruka ndikaika yeniyeni. Koma yaikuluyo sindivomerabe, foni yanga ndi ya 16GB, ilibe poiika.

Wokonza Mafoni ku Limbe:

Aphunzitsi, pa 16GB mukulondola, musaivomere. Koma musanachotse GB dziwani kuti mauthenga akale mwina sasamuka, ndiye zofunika monga mndandanda wa makolo lembani kaye pena. Pa foni yaing'ono choncho gwiritsani ntchito ma app opepuka monga Facebook Lite.

Ndiwonjezere ziwiri zimene ndinaiwala. WhatsApp yeniyeni imatha nthawi: mukakhala miyezi ingapo osapanga update imadzakana kutseguka mpaka mutapanga. Ndiye mayi a NaPhiri, mukazimitsa zodzichitikira zokha musaiwale tsiku la pamwezi limene anena achemwali a ku Leeds, kuopa kuti ingadzakukanireni muli pakati pa msika. Imasiyanso mafoni akale kwambiri: mu Okutobala 2023 inayamba kufuna Android 5 kupita m'mwamba, ndipo mu 2025 inasiya iPhone 5s, 6 ndi 6 Plus. Amene mukugula mafoni a kaunjika muziyang'ana zimenezi musanapereke ndalama.

Chachiwiri, amene muli ndi mafoni a ngongole, olipira pang'onopang'ono aja, musalowe mu "Developer options" ndipo musayese kufulasha. Muli pulogalamu yokhoma foni mukapanda kulipira, ndipo mukaisokoneza foni imatha kukhomeka ngakhale mulibe ngongole ya mwezi umenewo. Inu ingochitani za "Metered" ndi za Play Store.

Za ndalama, kumbukirani kuti app ikavuta manambala oimba aja amagwirabe ntchito popanda intaneti, *211# pa Airtel Money ndi *444# pa Mpamba. Ngakhale kafoni ka mabatani kamatha. Amalonda ambiri amene ndimawadziwa amasunga kotere m'chikwama kuti tsiku loipa asasowe polandirira ndalama.

NaPhiri wa Zitenje:

Ndabweranso patatha masiku asanu ndi limodzi kuti ndikuuzeni mmene zayendera. Zikomo kwambiri nonse, Mulungu akudalitseni.

Sindinaifulashe. Nditamufunsa mnyamata uja mafunso awiri amene munandipatsa bambo a ku Limbe, anandiyankha moona mtima kuti pulogalamuyo akaitsitsa pa intaneti ndipo sangalonjeze kuti foni iyaka. Ndinamuthokoza n'kubwerera.

Za "Metered" zinandivuta kupeza chifukwa pa foni yanga zabisika pansi pa "Advanced". Mwana wanga ndi amene anazipeza, ndipo anachitanso pa laputopu yake. Atayang'ana anapeza kuti laputopuyo inatsitsanso zake usiku womwewo, ndiye munalondola kuti zinadyera limodzi. Kuyambira tsikulo bandulo ikuyenda mmene ndimaidziwira.

Mu WhatsApp ndinapeza mavidiyo opitirira 8GB, ambiri a gulu la kwaya ya kumpingo ndi la makolo a kusukulu, ena a chaka chatha amene sindinawaonerepo. Nditafufuta kamera yayambanso kutseguka msanga, ngakhale sinafike pa kale. Timagemu tiwiri tinachoka, kamodzi kanakana ndiye ndakapanga "Disable". Mawu a Chichewa sikusinthanso. Manambala a makasitomala ndi a ngongole ndawakopera m'kope, ndipo pasiwedi ya Gmail tinaisintha n'kuilemba pachikuto cha kope lomwelo, chifukwa zoonadi sindimaikumbukira.

Kutentha kwasiya kuyambira tsiku lachinayi. Batire tsopano likundifikitsa cha m'ma 3 koloko, osati 5 ngati kale. Ndinaika foni patebulo, sikugwedera ndipo kumbuyo sikunatukuke. Ndiye ndaganiza zosintha batire mwezi ukatha m'malo mogula foni ina, chifukwa mitengo ya mafoni panopa sindingaikwanitse.

Achemwali a ku Leeds, ndasankha tsiku la 28 mwezi uliwonse, bandulo isanathe. Ndalemba pa kalendala ya kukhitchini. Koma ndinene zoona, mtima sunatsikebe. Dzulo uthenga wina wabweranso, waung'ono, wolembedwa "security patch", wa 96MB. Podina ndi pawiri pomwe paja, "Install now" ndi "Later". Ndadina "Later" ndipo usiku ndinazimitsa ka MiFi ndisanagone, chifukwa sindinayambe kuikhulupiriranso. Ndiivomera pa 28, masana, ndikuyang'ana.

Bambo a ku Limbe, funso lomaliza. Ndikapita kukasinthitsa batire, ndingadziwe bwanji kuti andiikira labwino osati lachinyengo? M'tauni muno mitengo ikusiyana kwambiri, wina akutchula theka la mnzake.

Wokonza Mafoni ku Limbe:

Mayi, la theka la mtengolo lisiyeni. Auzeni akuonetseni batire asanaliike, nambala yolembedwa pamenepo ifanane ndi ya lakale limene achotse, ndipo lakalelo akupatseni m'manja. Akakana kusintha inu mukuona, pitani kwina. Pemphani akulembereni pa risiti kuti likavuta mkati mwa mwezi mubweza. Likalowa, litchajeni mpaka lidzaze, muligwiritse ntchito tsiku lonse la malonda. Likamadumpha kuchoka pa 40 kufika pa 15 mwadzidzidzi, kapena foni ikazima lisanafike pa 10, bwererani nalo mawa lake lomwelo risiti ili m'manja.